Mbiya ya Mfuko ndi Ngongole ya Adokowe

Padangotero. Vomerani kuti tili tonse, ngakhale nkhani yake ndi ya ngongole, ndipo pa ngongole anthu sakhala onse. Odya amakhala ena, obweza ena.

Kudali dziko la tinyama ting'onoting'ono, tija timakhala m'mauna ndi m'ziputu. Mfumu yake idali Nungu, wa minga yambiri ndi nzeru zochepa, wokonda maphwando. Nduna yake yoona za nkhokwe za boma adali Gologolo, mnyamata wa pakamwa potsekemera, woti akakuuzani kuti mwakhuta mumayamba kugeya muli ndi njala. Kudalinso Bwampini, mpondamatiki, mwini kampani ya mtengatenga. Antchito ake ankanyamula chimanga cha boma m'masaya, ndipo inu mukudziwa kuti katundu woyenda m'kamwa safika yense.

Ndiye kudali nkhalamba ina, dzina lake Mfuko. Maso ake adali atatha, ankangosiyanitsa mdima ndi kuwala basi, koma makutu ake ankamva ngakhale nyerere ikatsokomola. Udindo wake udali wosunga mbiya ya mbewu ya dziko lonse. Mbiyayo adaiumba ndi malemu mkazi wake, Nakwenda, ndipo zala za mayiyo zinkaonekabe pamlomo pake. Pokolola, banja lililonse linkasankha chimanga chonenepa n'kupita nacho kwa Mfuko. Iye ankatonola, kusakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, n'kumata mbiyayo ndi dothi.

Mbiyayo idali ndi mwambo wake. Mbewu sadya, ngakhale njala ifike pothyola mafupa. Koma mvula ikagwa, aliyense wofika pakhomo ndi khasu paphewa, akuimba nyimbo yodzalira, samanidwa. Safunsidwanso kuti munda wake uli kuti, pakuti Nakwenda ankati kufunsa mmphawi za munda wake n'kumuvula pagulu. Ndipo wolandirayo sathokoza. Chakudya ndiye amathokoza. Mbewu ukaithokoza imaona ngati yafika kale kumene inkapita, ndiye simera.

Nyimboyo adaipeka ndi Nakwenda yemweyo. Idali yoyankhizana. Wa mkati ankatsogolera, kufunsa kuti ali pakhomo ndani, ndipo wa panja ankavomera kuti si iye koma khasu, ladzatenga mwana wa m'mbiya kuti likamuike m'manda osalira maliro, poti adzabwerera ndi abale ake. Idali nyimbo yapang'onopang'ono, yoyenda ngati munthu amene akuponya mbewu m'phando n'kufotsera ndi chidendene.

Zinthu zidayamba kupendekeka chaka chimene mvula idadula msanga. M'nkhokwe za boma mudatsala pang'ono, koma Nungu adati phwando lokumbukira tsiku limene adalowa ufumu silingalephereke.

"Gologolo, alendo adya chiyani?"

"Adya, Mwini Dziko. Dziko silisauka, limangochedwa kulemera."

Gologolo adapita kwa Adokowe, mbalame zazitali miyendo, zovala zoyera ndi zakuda ngati opita ku maliro a munthu wolemera. Iwowa ankabwera kuchokera kutali pamodzi ndi mvula yoyamba, kukongoza chimanga, n'kudzatenga chaka chinacho ndi chiwongoladzanja chake. Koma adali ndi khalidwe limodzi: wosauka sankamukongoza. Ankayamba aona nkhokwe yodzaza. Gologolo adadzaza nkhokwe zonse ndi zitsononkho ndi makoko, n'kuwaza chimanga pamwamba. Adokowe adasuzumira, adagwedeza mitu.

"Dziko lodalirika ili."

Phwando lidachitika. Nungu adavina mpaka minga ina kuthothoka.

Chaka chinacho mvula idavutanso, ndipo Adokowe adabwera kudzatenga zawo. Apa n'kuti Bwampini nayenso atakongola kwa iwo kuti akuze kampani, chikole chake chili mawu akuti boma lidzamulipira za mtengatenga. Boma lidali ndi ngongole kwa Bwampini, Bwampini kwa Adokowe, boma kwa Adokowenso. Chimanga chenicheni chidatsala dengu limodzi.

Gologolo adasenza dengulo pabwalo, n'kulitula pamaso pa Bwampini.

"Boma lalipira kampani!"

Nthungululu. Bwampini adalikankhira kwa Adokowe.

"Kampani yabweza!"

Nthungululu zina. Adokowe adati obweza chonchi ndiwo oyenera kuwakongozanso, ndipo adalipereka kwa Gologolo ngati ngongole yatsopano. Gologolo adazungulira nalo kuseri kwa nkhokwe, n'kutulukira mbali ina.

"Boma lalipiranso!"

Mfuko adali mu una wake pansi pa bwalolo, akumva zonse. Dengulo lidali lothyoka kunsi, ndipo likatulidwa linkalira mwa mtundu wake. Nkhalambayo idamva kulira komweko, kubwerezabwereza, mpaka idatulutsa mphuno.

"Pepani akuluakulu, kodi si dengu lomwe lija?"

Gologolo adaseka. "Agogo, inu simuona. Izi ndi za chuma. Bwererani mukapume."

Anthu adaseka nawo. Mfuko adabweza mphuno yake. Pofika madzulo aliyense adali atalipira, aliyense adali ndi ngongole yoposa ya m'mawa, ndipo dengu lidali litapepuka, poti antchito a Bwampini nawo ankathandiza kulinyamula.

Ngongole siwola. Chaka chachitatu misonkho idakwera, mabanja adakokolola timaso totsiriza, ndipo ngakhale chimanga chowaza pamwamba chija chidatha. Kenaka udafika uthenga wakuti ulendo uno kubwera Dokowe wamkulu, amene sasuzumira chabe koma amalowetsa mlomo wonse m'nkhokwe mpaka m'maso. Akapeza makoko, palibe kukongozanso, ndipo atenga nkhokwezo, bwalo ndi mpando wa Nungu womwe.

M'dziko lonselo chimanga chokwana kuya kwa mlomo wa Dokowe chidali malo amodzi okha: m'mbiya ya Mfuko.

Gologolo adafika pa una atanyamula munga wa Nungu, chizindikiro chakuti watumidwa ndi mfumu.

"Odi, agogo! Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Ukufunanji, mwana wa Gologolo? Bambo ako ankabwera kuno ndi khasu. Iwe ndikumva wabwera ndi mafuta onunkhira."

"Mwini Dziko ati mbiya ipite ku likulu. Ikasungidwa bwino kumeneko."

"Pano yaola?"

"Ndi lamulo, agogo. Gwirani munga uwu mumve."

Mfuko adaugwira, adaununkhiza, n'kuubweza.

"Munga sulima. Ukawauze a Nungu kuti akafuna mbewu adikire mvula, abwere okha ndi khasu paphewa. Agogo awo ankatero."

Gologolo adachoka mchira uli pansi. Mfuko adakhala pafupi ndi mbiya, dzanja lili pa zala za Nakwenda zija, akung'ung'udza nyimbo ija mbali yake yokha ya wa mkati.

Patapita masiku Gologolo adabweranso, ulendo uno ndi Bwampini. Mpondamatikiyo adakanika kulowa mu una chifukwa cha mimba, choncho adalankhulira pakhomo, akupuma mwa befu.

"Madala, ine sindikonda kuzungulira. Mwavutika kokwana. Tikufuna mukhale mmodzi wa eni kampani. Mutipatse lichero limodzi, tidzabweza awiri. Mbiya imodzi, mbiya ziwiri."

"Ziwirizo zili kuti?"

"Zili m'chaka chamawa."

"Ndiye imodziyonso mukaitenge ku chaka chamawa komweko. Njira mukuidziwa."

"Madala, mufa osauka inu!"

"Ndiye ndife ambiri. Iwe ufa wolemera ndi chimanga cha eni."

Bwampini adatupa masaya. Gologolo adamugwira phewa.

"Asiyeni agogo. Akunena zoona. Mwambo ndi mwambo." Kenaka adawerama pakhomo, mawu ali ofewa. "Agogo, tandikumbutsani, ife anafe timaiwala. Wobwera ndi khasu, mumamufunsa munda?"

"Safunsa."

"Ngakhale abwere ambiri?"

"Ngakhale dziko lonse. Tsiku limene dziko lonse lidzabwere ndi makasu, ine ndidzafa wokondwa."

"Mwambo wokoma," adatero Gologolo, ndipo mchira wake udadzuka.

Mfuko adaona ngati wagonjetsa akuluakulu kawiri. Adaimbanso nyimbo yake, mokwezako pang'ono.

Gologolo adaitanitsa msonkhano wa mabanja onse. Adauchitira pamwamba pa nkhokwe, poti ankadziwa kuti pansi pali makutu. Adawauza kuti mvula ikangogwa aliyense atenge khasu, akaimbe kwa Mfuko, ndipo mbewu akalandire abwere nayo ku nkhokwe za boma.

"N'kungoonetsa basi," adatero. "Dokowe alowetsa mlomo, akhutira, atikongoza. Mawa lake aliyense atenga mbewu yake, kuphatikizapo mbale ya ufa. Kodi mbewu imafa chifukwa choti mlendo waiyang'ana?"

Anthu adayang'anana. Adali atatha miyezi akudya mizu ndi gaga. Mawu akuti mbale ya ufa adamveka kuposa ena onse. Amene adalibe makasu, Bwampini adawabwereketsa a kampani, pa ngongole.

Mvula idagwa. Mfuko adamva fungo la dothi lonyowa, adaswa dothi la pamlomo wa mbiya, n'kukhala pakhomo ndi chipande chake. Zaka zam'mbuyomu kunkabwera owerengeka, poti njala idatha anthu mphamvu zolimira. Koma tsiku limenelo adamva mapazi ambirimbiri, makasu akugundana. Adatsogolera nyimbo, kufunsa kuti ali pakhomo ndani. Dziko lonse lidavomera kuti ndi khasu.

Nkhalamba idalira misozi. Idatunga, idapereka, idatunganso. Aliyense inkamugwira khasu, inkamudziwa ndi mawu.

"Iwe Tondo, nawenso wabwerera kumunda? Ambuye ngwamkulu! A Kanungu, msana uja wachira? Tengani, tengani. Musadzale mothithikana." Idatembenukira ku mbiya. "Nakwenda, ukumva? Abwera onse."

Palibe adathokoza, monga mwa mwambo. Palibenso adamuyang'ana kumaso, koma zimenezo iye sakadaziona.

Wotsiriza adali Kapuku, mkazi wamasiye wa ana ambiri, amene Nakwenda adamulera makolo ake atafa. Iyeyu adavomera nyimbo ndi mawu osamveka bwino.

"Ndiwe Kapuku? Njala yakusasitsa mawu, mwana wanga. Wachedweranji?"

"Wamng'ono uja sakudzuka, agogo."

Chipande chidakanda pansi pa mbiya. Mudatsala kambewu ka m'manja, kaja sankakachotsa chaka chilichonse kuti mbiya isagone yokha. Mfuko adaima pang'ono. Kenaka adakakokolola konse, n'kukathira m'nsalu ya Kapuku.

"Tenga. Chaka chino dziko lonse ladzala, mbiya idzadzaza yokha. Kupatsa n'kuika."

Kapuku adagwada.

"Zikomo, agogo."

"Iii, mwana iwe! Lavula! Mbewu sathokoza. Wakulira pakhomo pano, waiwala?"

Kapuku adadzuka msanga. Mfuko adangomva mapazi ake akuthamanga.

Ku nkhokwe, Gologolo adayala mbewu ija pamwamba pa makoko. Dokowe wamkulu adalowetsa mlomo mpaka m'maso, adatulutsa njere, adaitafuna.

"Ichi ndiye chimanga," adatero. "Chosankhidwa ndi manja. Tichitenga chonse ngati chiwongoladzanja cha zaka zapitazi. Ngongole yeniyeniyo ikhale kaye, ife si ankhanza."

Anthu adayang'ana Gologolo. Iye sadaphethire n'komwe.

"Ndi zimene tidakonzera, bwana. Dziko lathu limabweza."

Adokowe adakokolola mbewu yonse m'matumba awo. Makoko atayamba kuonekera, iwo adayang'ana kumwamba, pakuti wokongoza saona chimene chingamuletse kukongoza. Ngongole yatsopano adaipereka, yaikulu kuposa zonse, koma idali ya ufa. Theka lake boma lidalipira Bwampini, ndipo Bwampini adalibwezera kwa Adokowe pomwepo. Theka la lotsalalo lidapita ku phwando lothokoza kuti dziko lapezanso ngongole. Mabanja adalandira mbale imodzi imodzi, yosadzaza.

"Nanga mbewu yathu?" adafunsa Tondo.

"Wadya kapena sudadye?" adayankha Gologolo.

Mfuko pansi adamva ng'oma, ndipo adati m'mtima mwake, akuvina chifukwa adzala.

Tsono Mfuko ankadziwa za munda mwa njira yake. Mbewu ikamera, timizu toyera timaboola denga la njira zake za pansi, n'kumamugirigisha pamsana akamadutsa. Chaka chilichonse ankadikira zimenezo monga mayi adikira mwana kutakataka m'mimba. Adadikira. Mvula idagwa yabwino, yoposa zaka zonse zija, ngati kumwamba kukuseka. Adapita pansi pa munda wa Tondo, adapeza mizu ya chisoso. Adati mwina Tondo adachedwa. Adakumba mpaka kwa a Kanungu, adapeza mizu ya udzu. Adati mwina msana uja. Adakumba munda ndi munda, zikhadabo zikutuluka magazi, mpaka adatulukira pakati pa munda wa Kapuku. Mayiyo adali pomwepo, akuthyola masamba akutchire.

"Kapuku, mbewu idamera?"

Kapuku adasiya kuthyola masamba.

"Ndikumva kupuma kwako. Ndakufunsa."

Kapuku adakhala pansi, adamuuza zonse: za msonkhano wa pamwamba pa nkhokwe, za makasu obwereka, za matumba a Adokowe. Mfuko adamvetsera osagwedezeka.

"Nawenso udapereka kwa Gologolo? Ka pansi pa mbiya kaja?"

"Ayi, agogo. Ine sindidapite nako ku nkhokwe."

Nkhalamba idadzutsa mutu. "Ndiye uli nako! Tiye, nthawi ikadalipo, mvula..."

"Ndidakazinga, agogo. Wamng'ono uja adadya, adadzuka."

Mfuko adaweramitsa mutu. Kenaka adati, "N'chifukwa chake udathokoza."

"Eya."

"Mwa onse aja, ndiwe wekha sudandinamize."

Mfuko adamusiya Kapuku akulira, n'kupita ku likulu. Sadamupeze Gologolo pansi. Mnyamatayo adali atakwezedwa udindo chifukwa chopulumutsa dziko, ndipo adali atasamukira mu mtengo, kumene odandaula sangafike. Mfuko adaima patsinde, nkhope ili kumwamba kumene kunkachokera fungo la mafuta aja.

"Mwana wa Gologolo, mbewu yanga ili kuti?"

"Yanu, agogo? Mudati ndi ya dziko. Dziko ndilo lidadzatenga. Ine mbiya sindidaikhudze. Mudapereka nokha, mukuimba."

"Udaba nyimbo ya mkazi wanga."

"Ndidangoibwereka."

"Ufa uja ukatha adya chiyani?"

"Tidzakongola."

"Mudzaonetsa chiyani? Mbiya ilibe kanthu."

Gologolo adakonza mchira wake. "Musade nkhawa, agogo, zimenezo tidakambirana kale. Adokowe ati amalandiranso chikole choyenda ndi miyendo. Ana a Kapuku aja akukula bwino."

Mfuko adatembenuka. Adabwerera ku una wake. Adagwira mbiya, ndipo idalira ngati ng'oma yopanda woimba. Adapisa dzanja, adapeza phulusa lokha.

Adakhala pamenepo mpaka lidamufikira ganizo limodzi, ndipo ndi ganizo limenelo lidamuletsa kufa. Anthu adali ambiri tsiku lija. Njira yochoka pa una kupita ku nkhokwe njaitali, ndipo ankathamanga. Sizingatheke kuti pasagwe njere ngakhale imodzi. Ikagwa pa dothi lonyowa imera, ikamera ibala chimanga, ndipo chimanga chimodzi chikwana kuyambira mbiya.

Adatsanzika Nakwenda, adamata mbiya yopanda kanthuyo monga mwa masiku onse, n'kuyamba kukumba.

Mpaka lero akukumbabe. Timilu ta dothi timene mumatipeza m'munda m'mawa, pamenepo m'pamene watulutsa mphuno kuti anunkhize ngati pamera kanthu. Akapeza muzu amauluma kuti amve ngati uli ndi kakomedwe ka phulusa la m'mbiya mwake, ndipo akaona kuti si umenewo amapitirira. Alimi amamutukwana, amamutchera misampha, amati ndi mbala yowononga mbewu. Gologolo akamadutsa m'nthambi, omwewo amaloza n'kumati taonani kanyama kokongola. Nungu akuvinabe. Bwampini masaya sadaphwe. Adokowe amabwera chaka chilichonse ndi mvula yoyamba, n'kumayenda pang'onopang'ono m'minda, mitu ili pansi, akutola ana a mbewa mmodzimmodzi. Ana amenewo sadadye nawo phwando lililonse, ndipo pamene ngongole inkatengedwa n'kuti asanabadwe.

Mvula ikagwa kumene, mukagoneka khutu pa dothi, ena amati mumamva nkhalamba ikutsogolera nyimbo ija pansipo, kufunsa kuti ali pakhomo ndani. Imasiya mpata wa ovomera, imadikira, kenaka imafunsanso.

Nthano yathera pamenepa. Za mbatata ya pamoto musafunse kuti tikaphule. Nayonso adaiika chikole.